Zokolola za 2025 zisatiiwalitse kuti mvula inasintha

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za mvula kuno kum'mawa. Akuluakulu a ku Katete, Chadiza ndi Petauke amanena kuti kale chizimalupsa chinkagwa cha pa chikondwerero cha ufulu, 24 Okutobala, ndipo pofika pakati pa Novembala mbewu zinkakhala zili m'nthaka. Masiku ano Novembala amatha kumwamba kuli mbee. Mvula ikabwera imagwa yamkuntho, kukokolola nthaka ndi feteleza yemwe, kenako n'kudula chimanga chikumasula.

Chilala si chachilendo m'dziko muno. Tinachiona mu 1992, mu 2016, mu 2019. Koma cha 2024 chinaposa. Kuyambira mu Januwale dzuwa linaswa mtengo milungu yotsatizana. Chimanga chofika m'chiuno chinapinda masamba n'kuuma chili chiimire, zitsononkho zopanda njere. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi: maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a chimanga anapserera. Madzi anachepa ku Kariba, magetsi n'kumazima usana ndi usiku. Akatswiri akuti El Niño, kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific komwe kunabweretsa chilalachi, ndi wakale, koma kutentha kwa dziko kukumuwonjezera ukali.

Chaka chotsatira mvula inagwa bwino, nkhokwe zinadzaza, ndipo ndikuona kuti tayambanso kugona. Apa m'pamene pali nkhawa yanga.

Mlimi sabzala chimanga chokhachokha chifukwa cha umbuli ayi. Amabzala chomwe chili ndi thandizo komanso msika. Malinga ngati FISP, pulogalamu ya boma yothandiza alimi ndi feteleza ndi mbewu, ndi FRA, bungwe la boma logula ndi kusunga chakudya, maso awo ali pa chimanga, kumuuza kuti alime mapira, mawere, chinangwa kapena kandolo n'kutaya nthawi. Akakolola akagulitsa kuti? Chikhalirecho pano pa Chipata tili ndi malo ofufuzira zaulimi a Msekera, komwe kunachokera mitundu ya nshawa ya MGV4 ndi MGV5. Nzeru zilipo, koma zikuchedwa kufika kumudzi.

Ndikupempha unduna wa zaulimi kuti mbewu zocha msanga ndi zopirira ng'amba zizifika kwa alimi Okutobala asanathe. Alangizi alimbikitse gamphani, ulimi wobzala m'maenje, chifukwa maenje aja amasunga chinyezi pamene mizere yauma gwaa. Nawo a zanyengo azitiuza m'Chinyanja pa wailesi, boma ndi boma, osati kungoti "kum'mawa kugwa mvula". Nyengo ya ku chigwa cha Luangwa, ku Mambwe, si yofanana ndi ya ku Lundazi.

Mafumu athu nawonso aletse kudula mitengo m'mphepete mwa Lutembwe ndi mitsinje ina. Makala akutha mapiri, ndipo madimba omwe amatipulumutsa chaka cha njala amadalira madzi omwewo.

Mlimi wokhudzidwa,
Chipata