Anyamata anthabwala nawo ali ndi mabanja oti adyetse

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko za achinyamata amene amaima okha kutsogolo kwa gulu ndi maiki m'manja n'kumaseketsa anthu, awa masiku ano akutchedwa a stand-up. M'nyuzi yanu timawerenga za oimba, za mpira, za ndale sabata ndi sabata, koma munthu wanthabwala timamuona ndi chithunzi chachikulu akamwalira basi, ndipo ine zimenezi zimandiwawa chifukwa ndili naye m'modzi pa mtundu pathu.

Ndi mwana wa achemwali anga, ine ndine malume ake, dzina sinditchula. Ali pa chikamwini mbali ya ku Chisitu, ana awiri. Pakati pa sabata amayendetsa kabaza wa njinga yamoto kuchoka pa Chitakale kupita ku Limbuli, njinganso si yake, madzulo amakapereka ndalama kwa mwini wake. Loweruka nde amavala jekete n'kupita kukaseketsa anthu pa ukwati, pa chinkhoswe kapena mu holo ngati wina wakonza shoo. Apongozi ake mpaka lero amati mkamwini wathu sagwira ntchito, amangochita zachibwana pa anthu. Nkhani inafika mpaka kwa ankhoswe, nde poti ndine mwini mbumba ndinamuitana kuti andifotokozere bwinobwino, ndipo zimene ananena tsiku limenelo ndi zimene zandipangitsa kulemba kalatayi.

Akuti nthabwala sanaphunzire pa TikTok ayi, anaphunzira kwa mayi ake. Achemwali angawo anathyola tiyi ku esiteti zaka zambiri, dengu kumsana, mvula ya kuno mukuidziwa mmene imagwera m'munsi mwa phiri, koma akafika pakhomo madzulo atanyowa chonchi amayamba kutsanzira kapitawo mmene amakuwira pa sikelo, mayendedwe ake, mmene amagwirira cholembera, ana n'kumagubuduka ndi phwete pamene ndiwo zake ndi chigwada chopanda mafuta. Iye akuti ali mwana ankaona ngati mayi akungocheza, wazindikira atakula kuti ankachita dala kuti ana asaone kutopa kwawo ndiponso asafunse za bambo awo amene anapita ku Joni osabwerako. Ine achemwali anga ndimawadziwa, ndipo mnyamatayo sananame.

Anandionetsanso kope limene amalembamo. A Mkonzi, anthu amaganiza kuti wanthabwala amangodzuka n'kuyamba kubwebweta, koma si choncho. Kankhani kamodzi amakalemba, kukafufuta, kukayesa kaye kwa anzake pa siteji ya kabaza, akaona kuti sanaseke amasintha mawu kapena pomwe apumire, chifukwa akuti ukangofulumira pang'ono kutula mawu omaliza anthu amangokuyang'ana ndipo palibe chowawa ngati holo yodzaza ili zii iwe uli wekha kutsogolo. Mu sewero mumakhala angapo, mnzako akaiwala umamuwombola, pali zovala, pali nkhani yoti itsatidwe. Uyu alibe womuwombola. Mphindi khumi zoseketsa zimamutengera masabata. Nde chopweteka ndi ichi, munthu m'modzi akajambula pa foni n'kuponya pa magulupu a WhatsApp, nthabwala ija yatha ntchito, Loweruka linalo anthu amamalizitsa okha iye asanafike pakati. Nyimbo anthu amaikonda akaimva kambirimbiri, nthabwala ikamveka kawiri yafa. Ndiye tangoganizani munthu amene katundu wake amaonongeka chonchi sabata iliyonse, kenako mwini ukwati n'kumuuza kuti ndalama zathera kwa DJ ndi a dekoleshoni, iwe landira mbale ya mpunga ndi fanta, takupatsa mwayi woti udziwike. Zoona zimenezo? Pa perekaniperekani ndi iyeyo amene amachititsa kuti anthu adzuke m'mipando n'kumaponya ndalama, koma pogawana amakhala womaliza kukumbukiridwa.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi cha mwana wake wamkulu. Anagonekedwa m'chipatala ndi malungo Lachisanu, Loweruka bambo ake anali pa ukwati akuseketsa anthu, foni ili m'thumba ikunjenjemera iye osadziwa ngati ndi uthenga wabwino kapena ayi, koma sakanachoka poti ndalama ya thiransipoti ndi chakudya cha amayi a mwana kuchipatalako imayenera kuchokera pa ukwati womwewo. Mwanayo anachira, tithokoze Mulungu. Koma anandiuza kuti kuyambira tsiku limenelo akamva wina akuti anthu anthabwala alibe mavuto amangokhala chete.

Ali ndi malamulo ake amene ine ndinawakonda. Nthabwala iliyonse yokhudza mkazi wake amayamba wamuuza kunyumba, akakana imathera pomwepo. Apongozi sawatchula ngakhale amamunyoza. Saseka olumala, saseka anzathu achialubino, saseka anthu a ku Mozambique amene timagulitsana nawo malonda pa Muloza. Ndipo apa ndinene mosabisa kuti alipo anzake ena amene akuononga ntchitoyi, akasowa chonena amathamangira kutukwana ndi kunyoza matupi a azimayi, pa ukwati pamene pakhala azigogo ndi abusa. Amenewo sindikuwaikira kumbuyo ayi, ndipo ndi omwe amapangitsa makolo kuona ngati nthabwala ndi za anthu osalongosoka.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atatisakaza kuno ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi madera ena, anthu ambiri anakhala m'makampu m'masukulu. Mnyamatayu ankapita ndi njinga kukasiya katundu pa kampu ina, nde amayi ena omudziwa anamupempha kuti anene kenakake ana asangalaleko. Akuti anaopa kwambiri, munthu unganene chani kwa anthu oti aika abale awo, ena mitembo sinapezeke n'komwe. Za madzi ndi matope sanakhudzeko. Anangoyamba za mzere wolandirira ufa, za abambo amene kunyumba sadziwa pomwe pamakhala mthiko koma pa kampu akudziwa kuwerenga makapu a ufa kuposa aliyense, ndipo anthu anaseka, ena akupukuta misozi. Sanalandire kalikonse ndipo sanapemphe. Iye amati pa mashoo onse amene wachita, tsiku limenelo ndi limene linamutsimikizira kuti asasiye.

Chimene chimandidabwitsa n'choti ife a ku Mulanje ndife oyenera kudziwa bwino kulemera kwa luso limeneli kuposa ena onse. A Michael Usi, amene dziko lonse linawadziwa ngati Manganya mu Tikuferanji, ndi a kuno, ndipo mu Juni 2024 analumbira kukhala wachiwiri kwa pulezidenti. A Bon Kalindo, Winiko, anthu a Mulanje South anawasankha kukhala phungu mu 2014, ndipo mu 2016 anatsogolera ulendo wa pamsewu ku Lilongwe wokwiya ndi kuphedwa kwa anthu achialubino. Za ndale zawo aliyense ali ndi maganizo ake ndipo si zimene ndabwerera, ine ndikungonena kuti anthu anayamba kuwamvera chifukwa ankawaseketsa uku akuwauza zoona. Nanga Daliso Chaponda, mwana wa a George Chaponda a ku Mulanje South West? Mu 2017 anafika pa nambala 3 pa mpikisano wa Britain's Got Talent, m'modzi wa oweruza Amanda Holden atamusindikizira golden buzzer, batani limene limapititsa wopikisana molunjika ku ndime yotsatira, kenako anakhala ndi pulogalamu yakeyake pa BBC Radio 4. Uyo nde stand-up yeniyeni, munthu m'modzi ndi maiki, ndipo zambiri zimene amaseketsa nazo azungu ndi za moyo wake womwe, kukulira m'mayiko osiyanasiyana ndi kukhala M'malawi kunja. Nthawi imeneyo tonse tinkagawana mavidiyo ake pa Facebook monyadira kuti ndi wathu. Koma mwana wa pakhomo pathu akanena kuti akufuna kuchita zomwezo timamuuza kuti akafune ntchito yeniyeni.

Izeki ndi Jakobo anatiseketsa kuyambira tili achinyamata, pa wailesi, pa TV, m'maholo ndi Kwathu Drama Group. A John Nyanga (Izeki) anatisiya mu 2016, a Eric Mabedi (Jakobo) mu 2021. Mawu okoma amene analembedwa atamwalira anali ambiri zedi, ine ndinkawerenga n'kumadzifunsa kuti bwanji sitinawauze zonsezi ali moyo akumva ndi makutu awo.

Nde pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi lakuti tsamba lanu la zamsangulutso lizifikako kuno kumaboma, osangothera mu Blantyre ndi Lilongwe. Ku Luchenza, ku Bvumbwe, pa Nkando, pa Thyolo boma pali anyamata ndi atsikana aluso amene sanalembedwepo ndi kamodzi komwe, ndipo atsikanawo nde amavutika kawiri chifukwa mtsikana akaima kutsogolo n'kumaseketsa anthu amamunena kuti ndi wopanda ulemu. A COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso, nawo atabwera kudzakhala pansi ndi ana amenewa n'kuwafotokozera mmene angatetezere zimene amalemba ndi mavidiyo awo zingathandize, poti ambiri amaona ngati bungwelo ndi la oimba okha. Ndipo inu amakomiti a ukwati, mukamalemba bajeti muikemo wanthabwala pamodzi ndi DJ ndi wa keke, mugwirizane mtengo zisanachitike, mumupatseko ina ya thiransipoti pa Airtel Money kapena Mpamba asananyamuke.

Kwa apongozi a mwana wa achemwali angayu ndinapitako ndekha ndi ankhoswe, ndinawauza kuti fizi ya mdzukulu wawo temu yathayi inachokera pa maiki yomweyo, ndipo kuti ife akuchimuna tili naye limodzi pa ntchito imeneyi. Anamva koma sanayankhe zambiri, nkhaniyo tidzaikambanso tikakolola. Mtolankhani wanu akafuna kubwera, nambala yanga ndaisiya ku ofesi kwanu pamodzi ndi kalatayi, adzatsikire pa Chitakale Loweruka lililonse ndidzamuperekeza komwe anyamatawa akuchitira shoo.

Ine wowerenga wanu,
Malume wa ku Chitakale, Mulanje