Pempho lochokera ku komiti ya sukulu yathu: tithandizeni kulemba pulopozo, ndalama za ma grant zikungotidutsa

Moni nonse abale ndi alongo, makolo athu, ana athu amene munaphunzira pa sukulu ino koma pano muli ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Joni ndi kwina konse, komanso inu akwathu konkuno ku Zomba amene mukugwira ntchito m'mabungwe. Ndikulemba ndine mlembi wa komiti ya sukulu yathu ya pulayimale, mbali ya ku Jali kuno kwa T/A Mwambo, ndipo zomwe ndikulembazi tinagwirizana pa msonkhano womwe panali a komiti ya sukulu, a PTA (komiti ya makolo ndi aphunzitsi), amayi a Mother Group ndi mafumu athu. Anandituma ndi iwowo, ndiye pepani ikatalika, nkhani yake njambiri.

Ndiyambe ndi chomwe tikupempha kuti wina asathawe poganiza kuti tayamba zosonkhetsa ndalama. Sitikupempha kuti mutimangire ndi za m'thumba mwanu ayi. Tikupempha anthu. Munthu wodziwa kulemba pulopozo (chikalata chopemphera thandizo) m'Chingerezi, munthu wodziwa kuwerengera katundu womangira, komanso bungwe lolembetsedwa bwinobwino lomwe lingalole kuyenda nafe limodzi. Chifukwa ndalama zathandizo zosabweza zija amati ma grant zilipo ndithu, anzathu ena akulandira ndipo tikuona ndi maso athu midadada ikuimikidwa m'masukulu ena, koma ife zimangotidutsa chifukwa cha mapepala basi.

Amene simunabwere kumudzi posachedwa, zinthu zili chonchi. Namondwe wa Freddy atabwera mu March 2023 kuno kunali madzi osaneneka, mukudziwa nokha mmene dera lathu lilili lotsika kulowera ku nyanja ya Chilwa. Sukulu inasanduka kampu ya anthu omwe nyumba zawo zinagwa, ndipo anthu atabwerera kwawo tinapeza kuti mdadada umodzi wa makalasi awiri khoma lake lang'aluka kuchokera pansi mpaka kudenga, zimbudzi za atsikana nazo zinatitimira. Mdadadawo tinautseka, sitingaikemo ana a eni ake. Kuyambira nthawi imeneyo makalasi awiri akuphunzirira pansi pa mango aja ali kuseri kwa ofesi ya ahedi. Bolodi amaliyedzamiritsa pa tsinde la mtengo nkutsamiritsa ndi miyala, mphepo ikawomba mwana mmodzi amaimirira kuligwirira kuti aphunzitsi amalize kulemba, ndipo kukangochita mdima kumwamba aphunzitsi amangoti sonkhanitsani makope, phunziro lathera pomwepo. Nyengo ya mvula ndiye pafupifupi teremu yonse ana amenewa amangophunzira mwa apo ndi apo, kenako tizidabwa akafika sitandade 8 mayeso atawavuta.

Koma chomwe chimawapweteka kwambiri amayi a Mother Group ndi nkhani ya zimbudzi. Atsikana akuluakulu akakhala kumwezi alibe malo osinthira, ndiye amangokhala kunyumba masiku amenewo, mwezi ndi mwezi, mapeto ake ena amangosiyiratu. Amayiwa amasoka okha zovalira atsikana pa masiku oterewa, amayenda khomo ndi khomo kukatenga ana omwe asiya sukulu, koma mwana ukamubweza nkumupezetsa mavuto omwe aja anathawa, sakhalitsa.

Tikufuna mdadada umodzi wa makalasi awiri, ndi zimbudzi za atsikana zokhala ndi chipinda chosinthiramo. Basi. Sitikulota za holo kapena mpanda.

Mwina wina afunsa kuti nanga boma? Ndalama ya SIG, ya boma ija yotukulira sukulu, yomwe imabwera ku sukulu timaiyamikira koma ndi yochepa, imathera ku choko, makope, kukonza madesiki ndi zitseko, singamange mdadada. Nkhani yathu tinaipititsanso ku VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, inafika ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera lonse, ndipo ili pa mndandanda wa zitukuko zomwe dera likufuna, kuti mwina CDF, thumba la chitukuko cha dera la phungu, kapena thumba lina la ku khonsolo lidzatione. Sitikudandaula za munthu, masukulu omwe anaonongeka ndi Freddy ndi ambiri ndipo aliyense akulira chimodzimodzi. Kungoti sitingakhale manja lende kudikira pomwe makomo ena alipo.

Makomo ake ndi awa omwe tafufuza. Ofesi ya kazembe wa Japan ku Lilongwe ili ndi thumba lothandiza zitukuko za kumidzi lomwe amalitchula mwachidule kuti GGP, ndipo lamangapo makalasi ndi zipatala zing'onozing'ono m'maboma osiyanasiyana muno m'Malawi. Iwowa amapereka za zomangamanga ndi zipangizo, salipira malipiro a anthu kapena ma alawansi, zomwe ife zikutikomera chifukwa sitikufuna alawansi, tikufuna makalasi. Koma amafuna makotesheni ochokera kwa makontirakitala kapena ogulitsa atatu osiyana, mapulani a nyumbayo, ndi umboni woti amene akupemphayo amadziwa kusunga mabuku a ndalama. Ofesi ya kazembe wa Germany nayo imakhala ndi thumba la mapulojekiti ang'onoang'ono. Kwa zaka zambiri kazembe wa America ankakhalanso ndi thumba la Self-Help, lomwe lamulo lake linali loti eni mudzi aikepo gawo lawo ndipo ntchito ithe m'chaka chimodzi. Konkuno kwathu kuli Press Trust, yomwe inakhazikitsidwa mu 1982 ndipo yakhala ikumanga masukulu ndi zipatala. Palinso makalabu a Rotary, mipingo, ndi makampani omwe amapatula kangachepe kothandizira madera.

Ndiye mukuona kuti pogogoda alipo. Koma tinene zoona, mpikisano wakula. Chichokereni USAID, bungwe la thandizo la boma la America, mu 2025 mabungwe akuluakulu omwe kale sankayang'anako ku timatumba tating'onoti nawonso akuthamangira komweko, ndipo iwowa ali ndi anthu olembedwa ntchito yongolemba mapulopozo tsiku lonse, ali ndi makompyuta, intaneti, akauntanti. Ife komiti yathu muli alimi, mayi wogulitsa matemba, abambo opuma pa ntchito ya uphunzitsi, ndi ine amene ndikulemba izi pa foni. Mavuto a sukuluyi timawadziwa kuposa wina aliyense, mutatifunsa m'Chichewa titha kufotokoza mpaka dzuwa kulowa, koma fomu ikabwera ya masamba ambirimbiri m'Chingerezi, ikufunsa zolinga, zotsatira, mmene tidzayezere kuti zatheka, mmene ntchitoyo idzapitirire thandizo likatha, apa ndiye timangoyang'anana.

Vuto lina ndi la kulembetsa, ndipo ili ndi lomwe linatitengera nthawi kuti tilimvetse. Opereka thandizo ambiri safuna kupereka ndalama kwa gulu lomwe lilibe satifiketi. Gulu la kumudzi, CBO, limalembetsa ku khonsolo ya boma. Koma kuti likhale bungwe lomwe si laboma lenileni pamafunika kulembetsa kwa Registrar General, kukhala ndi malamulo oyendetsera bungwe olembedwa, matrasti kapena bodi, kenako kulembetsa ku NGORA, bungwe la boma loyang'anira mabungwe oterewa, lomwe kale linkatchedwa NGO Board lamulo lisanasinthidwe mu 2022, ndiye palinso CONGOMA komwe mabungwewa amakumana. Zonsezi zimafuna ndalama ndi malipoti a chaka ndi chaka. Ife tinakambirana nkuona kuti komiti ya sukulu isasanduke NGO, si ntchito yathu imeneyo ndipo sitingaikwanitse. Chanzeru nkupeza bungwe lomwe lili kale ndi mapepala onsewa, lomwe mabuku ake amawunikidwa ndi ma odita, loti lipemphe m'malo mwathu kapena limodzi nafe, ndalama zizidzera kwa iwo koma ife tiziona chilichonse. Mabungwe otere mu Zomba muno alimo ambiri, magalimoto awo timawaona akudutsa. Ngati mumagwira ku limodzi mwa amenewa, kapena mukudziwa bwana wake, chonde tilumikizitseni, tibwera tokha kudzafotokoza.

Ndichenjezenso makomiti anzathu pa nkhani iyi chifukwa zinatipeza. Kunabwera bambo wina wovala bwino, chikwama m'manja, akuti akuchokera ku bungwe lina lakunja ndipo sukulu yathu yasankhidwa, chongofunika tipereke ndalama ya fomu ndi ya mafuta kuti dzina lathu lilowe mu kompyuta. Mwamwayi tcheya wathu anati dikirani kaye tikafunse kwa a PEA, alangizi a zamaphunziro a m'dera lathu, safunsa anadya phula. Titamuuza bamboyo kuti tikumane ku TDC, ku ofesi ya a PEA, mawa lake, sanaonekenso mpaka lero ndipo foni yake sikupezeka. Abale, opereka thandizo enieni salipiritsa fomu. Wina akayamba ndi kukupemphani ndalama, dziwani kuti thandizo lake ndi inuyo.

Tsopano amene mungatithandize. Choyamba ndi wolemba uja. Pa Chirunga pompa pali University of Malawi, ku Domasi kuli koleji ya aphunzitsi, m'tauni muli anthu opuma pa ntchito omwe moyo wawo wonse akhala akulemba zinthu ngati zimenezi. Sitikufuna kuti mutilembere muli kutali nkutitumizira ayi, tikufuna mubwere mukhale nafe pansi ngakhale Loweruka limodzi, mutifunse mafunso, tiyankhe, mulembe zomwe tanena ife, ndipo achinyamata awiri atatu a m'mudzi muno omwe anamaliza fomu 4 akhale pambali panu aziphunzira, kuti mawa tisadzakuvutitseninso. Ophunzira a ku yunivesite musadzikayikire, ngati mumatha kulemba bwino bwerani.

Wachiwiri ndi wa zomangamanga, woti atijambulire pulani motsata mapulani ovomerezeka a makalasi ndi kutilembera BOQ, chikalata chija chimaonetsa matumba a simenti angati, malata angati, matabwa, misomali, zitsulo, mpaka mtengo wake. Apa mpovuta kwambiri chifukwa mitengo sikukhazikika. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, kotesheni ukatenga lero pakatha miyezi iwiri yasanduka pepala chabe, pomwe opereka thandizo amatha miyezi yambiri asanayankhe. Tikufuna munthu wodziwa kuika bajeti yoganizira zimenezi, kuti tisadzalandire ndalama nkuthera pa windo. Komanso nthaka yathu ndi ya madzi, maziko ndi zimbudzi zikufunika munthu woganiza bwino, tisadzamangenso zoti mvula ina idzagwetse.

Zina ndi zazing'ono koma zimatigwetsa. Zolengeza za ma grant zimatuluka pa intaneti ndi m'nyuzipepala ngati Nation ndi Daily Times, ife timamva tsiku lotseka litadutsa kale. Wina amene amakhala pa intaneti tsiku ndi tsiku atangodzipereka kuti akaona chotikhudza azititumizira msanga, ndi thandizo lalikulu zedi limenelo. Wina ngati ali ndi laputopu yakale yomwe ikungokhala, sukulu ilibe, makalata timakalembetsa ndi kusindikiza pa Jali kapena m'tauni ndipo ulendo uliwonse ndi ndalama ya kabaza ndi minibasi. Amene mungathe kutisindikizira kapena kusikana mapepala ku ofesi kwanu mwatithandiza kale.

Ife sitikubwera chimanjamanja. Malo alipo ndipo agulupu anavomera kulemba kalata yotsimikiza. Kale tikanati tiumba njerwa tokha, koma masiku ano zomanga za boma zimafuna mabuloko a simenti osati njerwa zootcha pofuna kuteteza mitengo, ndiye gawo lathu likhala mchenga, miyala, madzi ndi manja. Midzi yonse yomwe ana ake amaphunzira pano inagawana kale masiku, mchenga wina tayamba kale kututa, mulu wake uli pafupi ndi bwalo la mpira, amayi amasenza pamutu m'mabigili m'mawa asanapite kumunda. Ndipo za phala la ana, nkhuni ndi kuphika, takhala tikuchita tokha mosinthana zaka zonsezi popanda wolipidwa, ndiye kugwira ntchito limodzi sitiyamba lero.

Pa nkhani ya kasungidwe ka ndalama tikudziwa kuti apa ndi pomwe anthu ambiri amakayikira makomiti, ndipo sitikukudzudzulani, zamveka zambiri m'dziko muno. Tinagwirizana kuti thandizo lililonse lidzalowa ku akaunti ya kubanki yosainira anthu atatu, osati pa Airtel Money kapena Mpamba ya munthu, ngakhale ya ine amene. Lisiti lililonse lidzasungidwa, ndipo zolowa ndi zotuluka tizidzamata pa bolodi la zidziwitso pa ofesi ya ahedi komanso kuwerenga pa msonkhano wa makolo. Aliyense wofuna kuona mabuku adzaone, ngakhale amene sanaperekepo kanthu.

Komiti imakumana Lachitatu masana ana akaweruka, pa sukulu pompo. Amene muli pafupi ingobwerani, mudzaone khoma long'alukalo ndi ana a pansi pa mango aja musanalonjeze chilichonse. Amene muli kutali dzerani kwa ahedi, kwa tcheya kapena kwa wachibale wanu aliyense wa kumudzi kuno, uthenga utipeza ndipo tidzakuimbirani ndife. Chonde uthengawu muwatumizirenso anzanu a kuntchito, a kutchalitchi ndi a kumzikiti, makamaka amene amadziwa za mapulopozo. Tikufunitsitsa kuti pomwe chilengezo china chizituluka, mapepala athu adzakhale ali okonzeka kale.

Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni.

Ine mlembi, m'malo mwa komiti ya sukulu, PTA, Mother Group ndi mafumu.