Tisamanamizire netiweki chilichonse

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za mawu awiri amene afala m'maofesi mwathu muno mpaka kufika potopetsa: "netiweki yavuta." Mukapita kukalembetsa mwana sukulu, kukalipira bilu kapena kukatenga chikalata chilichonse chimene masiku ano chimadutsira pa kompyuta, mlembi akangodina batani n'kuona kuti sizikuyenda, yankho limakhala lomwelo. Inuyo mumangotembenuka, ulendo wakwanu, osafunsanso kanthu, poti netiweki ilibe ofesi yoti mukaisumire. Ine ntchito yanga ndi yopanga ndi kusamalira mawebusaiti, ndipo ndikulemba monga munthu amene mawu amenewa anamubisira kulakwa kwake kwa zaka zingapo.

Nditangomaliza maphunziro, sukulu ina yapulaiveti m'tauni mwathu muno inandipatsa ganyu yoipangira fomu ya pa intaneti yolembetsera ana ofuna malo ku sekondale. Kayendedwe kake n'kosavuta. Kholo kapena mlembi amalemba dzina la mwana, tsiku lobadwa, kumene amakhala ndi nambala ya foni, n'kudina batani. Zolembedwazo zimapita ku seva, imene ndi kompyuta ina ili kutali, ndipo yathuyi ili kunja kwa dziko, timangoilipira lendi pachaka. Pa sevapo pali kapulogalamu kamene timati script, kolembedwa m'chinenero cha PHP. Ntchito yake ndi kulandira zimene zabwerazo, kuzisunga mu database, kapena kuti nkhokwe ya zolembedwa, yotchedwa MySQL, kenako kubweza tsamba lonena kuti "Zikomo, mwalembetsa." Amene ali pa foni kapena pa kompyuta ya mu ofesi saiona script imeneyi ikugwira ntchito. Amangoona zimene yabweza, ngati mmene wodya ku lesitilanti amaonera mbale yokha osaona mphika.

Chaka china nyengo yolembetsa itafika, mlembi wa pasukulupo anandiimbira foni. "Achimwene, system yanu ija ikuchita kusankha anthu. Ena ikuwalandira, ena ikuwakana." Anandiuza za mayi ena amene anali atabwera katatu kuchokera kumudzi, minibasi kenako kabaza, popita ndi pobwera, ndipo ulendo uliwonse ankauzidwa kuti netiweki yavuta, abwere mawa. Ndinafunsa mlembiyo kuti pa sikirini pakuoneka chiyani zikakana. Anati, "Chizungu chinachake, ndi nambala 500."

Apa ndi pamene ndikufuna owerenga anzanga amvetse, ngakhale amene sadzalembapo pulogalamu moyo wawo wonse. Nambala imeneyo imachokera ku seva. Seva ikalandira pempho imayankha ndi nambala: 200 ndiye kuti zonse zili bwino, 404 ndiye kuti tsamba mukufunalo kulibe, 500 ndiye kuti pempho lanu lafika ndithu koma kwa iyoyo chinachake chasokonekera. Kuti nambala 500 ioneke pa sikirini yanu, uthenga wanu unayenda mpaka kukafika kutsidya la nyanja, yankho n'kubwerera. Netiweki yomwe tikuinenayo ndi imene yanyamula yankholo. Ikanakhala kuti palibe, simukanalandira nambala ina iliyonse kuchokera kumeneko.

Madzulo a tsikulo ndinayamba ndi chizolowezi choipa chimene ambiri a ife tili nacho: kuyesa pa laputopu yanga. Ndinatsegula XAMPP, pulogalamu yosandutsa laputopu kukhala seva yoyesererapo, ndinalemba dzina lakuti Test Test, fomu inapita bwinobwino. Ndinayesa pa seva yeniyeni ndi dzina lomwelo, inapitanso. Ndinatsala pang'ono kumuimbira mlembi uja kuti vuto ndi kompyuta yake. Chinandiletsa ndi chakuti anali atanena nthawi: mayi aja anakanidwa cha m'ma 10 koloko m'mawa.

Seva iliyonse imasunga kaundula wa zolakwika. Kwathuko ndi fayilo yotchedwa error_log, imene imangokhala phee m'foda yomweyo ya script, kudikira woti aiwerenge. Ndikuvomera, Akonzi, kuti chiipangireni fomuyo ndinali ndisanaitsegulepo. Nditaitsegula ndinafufuza pa 10 koloko, osapeza kanthu, mpaka ndinakumbukira kuti wotchi ya sevayo imayendera UTC, imene ili m'mbuyo ndi maola awiri poyerekeza ndi nthawi yathu. Ndinabwerera pa 8 koloko. Mzere unali pomwepo, wonena kuti m'lamulo limene script inatumiza ku database munali cholakwika cha kalembedwe, ndipo unasonyeza pamene database inapunthwira: pa zilembo zitatu ndi kachizindikiro, oma'.

Ndinangoti kakasi, kenako manyazi anandigwira ndili ndekha m'nyumba. Dzina la bambo la mwanayo linali la mtundu wa Ng'oma. Kachizindikiro kaja timakaika pakati pa ng ndi o polemba ng'ombe, kamene kusukulu tinkati nkhodolero, m'chinenero cha database kali ndi ntchito ina: ndi kamene kamatsegula ndi kutseka mawu. Script yanga inkangotenga dzina mmene lalembedwera n'kulimata pakati pa tizizindikiro tiwiri totero. Dzina likakhala Banda, database imalandira 'Banda' n'kusunga. Likakhala Ng'oma, imalandira 'Ng'oma', n'kuwerenga kuti dzina ndi Ng basi, latha, ndipo oma' yotsalayo imaiona ngati lamulo limene silidziwika. Imakana lamulo lonselo. Phiri, Mwale, Chirwa ankadutsa. Ng'oma, Ng'ambi, M'bwana ankagwa. Ngakhale mwana wa a Phiri ankagwa ngati kholo polemba kumene amakhala layamba ndi mawu akuti "m'mudzi mwa". Tangowerengani nkhodolero zimene zili m'kalata ino yokha, muone kukula kwa dzenje limene ndinakumba.

Koma chimene chinandisowetsa tulo si chimenecho. Ndinadzifunsa kuti, fomuyi yagwira ntchito zaka zingapo, bwanji vutoli latulukira lero? Kodi zaka zonsezi kunalibe mwana wa dzina lotere? Ndinapeza kuti amene timachita nawo lendi ya seva anali atakweza PHP kuchoka pa yakale. Kuyambira PHP 8.1, imene inatuluka mu November 2021, database ikakana lamulo lotumizidwa kudzera mu mysqli, chida chimene PHP imalankhulira ndi MySQL, script imaima pomwepo ngati wolembayo sanakonzeretu chochita, ndipo ndi pamene pamabwera 500 uja. Kale sizinali choncho. Database inkakana mwakachetechete, ndipo script yosafunsa ngati zinthu zasungidwadi, ngati yangayo, inkapitirira n'kuonetsa "Zikomo, mwalembetsa." Ndinafufuza mu database monse dzina lokhala ndi nkhodolero. Munalibe ngakhale limodzi, zaka zonsezo.

Mlembi uja nditamufotokozera anakumbukira. Chaka chilichonse kunkabwera makolo angapo olumbira kuti analembetsa, mayina a ana awo osapezeka, ndipo iye ankawalemba pamanja uku mumtima akuti anthuwa sadziwa kugwiritsa ntchito foni. Amenewo ndi amene analimba mtima n'kubwera kudzafunsa. Kholo lofatsa linangodikira kuitanidwa, silinaitanidwe, n'kuganiza kuti mwana sanatengedwe. Nambala 500 imene inavutitsa mayi aja inali yabwinoko kusiyana ndi "Zikomo" wabodza uja, chifukwa iyo inkanena zoona.

Kukonza kwake sikunatenge ngakhale ola limodzi. Pali njira yotchedwa prepared statement, imene imatumiza lamulo palokha ndi dzina palokha, kotero kuti database siingasokoneze ziwirizi, kaya m'dzinamo muli chizindikiro chotani. Si njira yatsopano ayi. Mysqli, imene ili ndi njira imeneyi, inabwera ndi PHP 5 mu 2004, ndipo PDO, chida china chonga chomwechi, inatsatira mu 2005. Komanso dzenje lomweli limene munkagwera ana a Ng'oma ndi limene amalowera akuba: munthu wodziwa amaika dala nkhodolero m'fomu n'kutsatizapo lamulo lake, database n'kumumvera. Amati SQL injection, ndipo anthu akhala akulemba za iyo kuyambira 1998. Fomu yanga inali ndi manambala a foni a makolo, masiku obadwa a ana ndi kumene amakhala, zonse kuseri kwa chitseko chongotsamiritsa.

Sindikukana kuti kulakwa kunali kwanga. Koma ndikayang'ana mmene ndinaphunzirira, ndi mmene ndikuonera achinyamata amene amabwera kudzaphunzira ntchito kwa ine, ndikuona kuti tonse tinaumbidwa mofanana. Timaphunzira kulemba pulogalamu yoti igwire pa laputopu tsiku loionetsa kwa aphunzitsi. Ikagwira, malikisi abwera, nkhani yatha. Tsiku limene idzagwe pa seva ya eni, usiku, mwini wake akuimba foni mphindi zisanu zilizonse, palibe anatikonzekeretsa. Mnyamata wina wanzeru ndithu anakhala masiku awiri akulimbana ndi tsamba limene linkagwira pa Windows koma n'kumakana pa seva. M'script analemba Config.php pamene fayiloyo dzina lake linali config.php. Windows siisamala kusiyana kwa chilembo chachikulu ndi chaching'ono m'mayina a mafayilo, Linux, imene inkayendetsa sevayo, imasamala. Kaundula wa zolakwika anali atanena zimenezi poyera kuyambira tsiku loyamba, dzina la fayilo ndi nambala ya mzere womwe. Wina anavutika ndi makolo amene zithunzi za masatifiketi zinkakana kukwera, osadziwa kuti PHP, ngati sunaisinthe, imalola fayilo ya 2 MB yokha, pamene chithunzi cha foni ya masiku ano chimaposa pamenepo mosavuta.

Ndipo zikakana, mankhwala athu ndi awiri, onse oopsa. Oyamba ndi chmod 777, kutsegulira aliyense pa sevapo kuti awerenge, asinthe ndi kuyendetsa fayiloyo, poganiza kuti mwina vuto ndi chilolezo. Kuli ngati kuzula chitseko chifukwa kiyi akuvuta. Achiwiri ndi kuyatsa display_errors pa seva imene anthu akugwiritsa ntchito, kuti zolakwika zizioneka pa tsamba penipeni, kenako n'kuiwala kuzimitsa. Ndakumanapo ndi mawebusaiti angapo a kwathu kuno akulengeza kwa aliyense wodutsa njira yonse ya mafoda awo ndi mayina a zinthu za mu database yawo. Zolakwikazo malo ake ndi mu kaundula, kumene amawerenga ndi wokonza yekha.

Choncho kwa aphunzitsi a m'makoleji athu ndikupempha chinthu chimodzi. Pa teremu patulani sabata imodzi yokha yoti ophunzira asalembe chatsopano. Apatseni script yothyoka dala ili pa seva ya Linux, osati pa laputopu yawo, muwauze kuti apeze chavuta, ndipo malikisi apite kwa amene wasonyeza mzere wa mu kaundula umene wamutsogolera. Poyesa mafomu awo aletseni John ndi Test. Alembe mayina a anthu a m'kalasi momwemo, midzi yawo ndi ma T/A awo, mmene amalembedwera.

Kwa alembi ndi onse okhala pa kauntala, sindikukuimbani mlandu, chifukwa mawu akuti netiweki ndife tinakuphunzitsani pothawa mafunso. Koma zikakana, jambulani sikiriniyo ndi foni yanu, lembani nthawi ndi zimene munalemba m'fomumo, mutumize kwa wokonza. Mlembi wathu akanapanda kukumbukira 10 koloko, ine ndikanamuuza kuti azimitse kompyuta n'kuyatsanso, mayi aja n'kubwera kachinayi. Ndipo munthu mmodzi akakanidwa kawiri pamene anzake akudutsa pa kompyuta yomweyo, musamubwezenso. Mulembeni pa pepala, vutolo likatsale ndi ife.

Eni mabungwe nawonso ali ndi mbali yawo. Ambiri amalipira webusaiti kamodzi ngati akugula tebulo, wopangayo n'kuchoka ndi mapasiwedi onse m'mutu mwake. Koma pansi pa webusaiti pamasintha: PHP imakwezedwa, zinthu zakale zimachotsedwa. PHP 7 itabwera mu December 2015 inachotsa malamulo akale onse oyamba ndi mysql_, ndipo script iliyonse yodalira amenewo inkafa tsiku limene seva yake yakwezedwa, popanda aliyense kuigwira. Funsani wopanga wanu kuti kaundula wa zolakwika ali pati, anamuwerenga liti komaliza, ndipo mapasiwedi a seva alembedwe asungidwe mu ofesi mwanu.

Mayi aja ndinapempha mlembi kuti awaimbire asakwerenso minibasi. Tinalembetsa mwanayo pa foni, dzina lake linalowa lathunthu, nkhodolero ili pamalo pake. Ndalama zimene anawononga pa maulendo atatu aja ndinapempha kuti zichotsedwe pa malipiro anga a mwezi umenewo, ndipo a sukulu sanavute.

Patulukiranso china chimene ndikulimbana nacho sabata ino. Makolo ena amalemba dzina la dziko lathu ndi chilembo cha ŵ, ndipo pa risiti imene script imatulutsa likuoneka kuti MalaÅµi. Fomu imatumiza mawu m'kalembedwe ka pa kompyuta kotchedwa UTF-8, koma mbali ina ya pulogalamuyo ikuwawerenga ngati a kalembedwe kakale ka zilankhulo za kumadzulo kwa Ulaya, mmene mulibe chilembo chimenechi. Chimenechi kaundula sakuchitchula n'komwe, poti kwa seva palibe chalakwika. Anachiona ndi mlembi yemwe uja, ndipo ulendo uno ananditumizira chithunzi.

Ine wanu,
Wokonza mawebusaiti,
Zomba