Kalata kwa mnzanga wofuna kukakwera madzi oundana

Ulongué, Angónia

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino nonse kumeneko ku Pietermaritzburg, iwe pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo, kungoti chisanu chabwera msanga chaka chino. Dzana m'mamawa ndinatsikira kudimba kwa amalume ndipo ndinapeza masamba a kachewere wa m'mphepete mwa dambo atapsa, ali bii ngati wina wawakhuthulira madzi owira. Udzu unali mbuu. Amalume anangogwira m'chiuno osayankhula kanthu.

Zithunzi zija unatumiza pa WhatsApp ndinaziona. Ndinakawaonetsanso amayi ako Lamulungu titaweruka kutchalitchi. Anayang'anitsitsa mathithi oundana gwa aja, abwana ako akulendewera pachingwe ndi tinkhwangwa tiwiri m'manja, kenako anandifunsa kuti, "Kodi kumwambako kuli chiyani choti akatenge?" Ndinasowa chowayankha. Koma si funso lawolo landikhazika pansi kuti ndikulembere kalata m'malo mongokutumizira uthenga wa mawu. Chandisowetsa tulo ndi chimene unanena iwe, kuti mu Julaye abwana akowo akutenga ku Giant's Castle, phiri lija la m'mapiri a Drakensberg ku South Africa, ndipo sukuopa chifukwa ife a ku Angónia chisanu tinabadwa nacho.

Mnzanga, chisanu chathu chino ndi kamwana. Phiri la Domwe, lomwe tinkaliona ngati denga la dziko tikuweta ng'ombe, ndi lalitali mamita pafupifupi 2,100. Giant's Castle ndi yopitirira mamita 3,300, ndipo kuseri kwake ku Lesotho kuli Thabana Ntlenyana, mamita 3,482, phiri lalitali kuposa onse kum'mwera kwa Africa kuno. Munthu akamakwera, pa mamita 1,000 aliwonse kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 ndi theka. Chimenechi umachidziwa ndi thupi lako. Ukakwera minibasi ija timati chapa kuchokera ku Tete umakhala thukuta kamukamu, mpaka ku Moatize mazenera ali pululu, koma mukapatuka pa Mussacama n'kuyamba kukwera mtunda wa kwathu kuno, amayi amayamba kufundika ana zitenje. Tsono ganiza kuti pamwamba pa Ulongué ukuwonjezeranso mtunda wina woposa umenewo, usiku, m'nyengo yozizira, mphepo ikuwomba popanda mtengo ndi umodzi womwe woitchinga.

Pali nkhani imene sindinakuuzepo. Zaka ziwiri zapitazo, mwezi ngati uno, ndinakwera Domwe ndi mphwanga uja womaliza. Tinanyamuka dzuwa likuwala bwinobwino, iye atavala jinzi ndi malaya a thonje, kajekete kopyapyala atamanga m'chiuno. Chakumasana nkhungu inatikuta, kenako kunayamba mvula yamawawa ija imene siioneka ngati ikunyowetsa munthu. Njira inatisokonekera. Kunalibe madzi oundana, kunalibe chipale chofewa, kunali kamvula ndi mphepo basi. Patatha maola awiri mwanayo anayamba kunjenjemera mpaka mano kugundana. Ndinamuuza kuti atseke zipi ya jekete, ndipo ndinamuona akuipapasa ndi zala zouma ngati nkhuni, osatha kulowetsa kachitsulo kaja m'malo mwake. Kenako anayamba kupunthwa pamalo poti palibe mwala. Ndikamuyankhula ankayankha mokoka lilime ngati wamwa kachasu. Anakhala pansi n'kunena kuti ndimusiye agone pang'ono, akadzuka anditsatira. Ankanena zimenezo modekha, nkhope ili phee, ngati akundiuza zanzeru.

Pamenepo mtima wanga unagunda, chifukwa pa ntchito yanga ya kuchipatala ndikudziwa tanthauzo la tulo timeneto. Ndinamudzutsa mokakamiza, ndinamukoleka paphewa, ndipo mwamwayi tinamva kulira kwa ng'ombe m'munsi. Anyamata oweta ndi amene anatilondolera kunyumba ya agogo ena. Agogowo sanafunse n'komwe kuti ndife a kwa yani. Anamuvula zonyowa zonse, anamukulunga m'mabulangete awiri mpaka kumutu, ndipo atayamba kuyankha zomveka anamumwetsa phala la shuga pang'onopang'ono ndi supuni. Mpaka lero iye sakumbukira mmene tinatsikira phirilo.

Ndakuuza zonsezi kuti uone pamene pali msampha. Thupi la munthu limakhala pa madigiri 37. Likatsika kupyola 35, ubongo ndi umene umayamba kufooka, ndiye munthu sadziwa kuti ali pangozi. Amaganiza kuti wangotopa. Kunjenjemera ndi thupi likudzimenyera nkhondo, koma munthu akasiya kunjenjemera akadali pamalo ozizira omwewo, usasangalale kuti wapeza bwino, ndiye kuti zafika poipa. Ena amafika pomavula zovala akuti atenthedwa. Choncho kumeneko uzikayang'ana anzako, iwonso azikakuyang'ana iwe. Wina akayamba kupunthwa, kugwetsa zinthu, kukoka lilime kapena kukhala chete mosayembekezereka, ulendo watha, bwererani. Mowa usakhudze. Umanamiza munthu kuti watenthedwa pamene ukutsegula mitsempha ya pakhungu n'kumataya kutentha kwenikweni kwa m'kati. Ndipo thonje ulisiye kunyumba: jinzi ikanyowa ndi thukuta kapena madzi siuma, imakhala ikukuyamwa kutentha tsiku lonse. Pempha abwana ako akubwereke zaubweya kapena zansalu zija zouma msanga, uvale mosanjikiza, pamwamba pake chotchinga mphepo ndi madzi. Magolovesi ukhale nawo awiriawiri, ena ouma m'chikwama.

Za zala ndi makutu ndikuuzenso, chifukwa kwathu kuno sitiziona kawirikawiri. Chala chikaundana chimachita dzanzi, chimayera n'kulimba ngati kandulo, ndipo sichipweteka. Nzeru yathu yakumudzi imati tichitikite kapena tichiwothetse pamoto. Zonse ziwirizo zimawononga mnofu, ndipo chala chadzanzi chimapsa mwini wake osamva. Ngati changoyamba kumene, chiike m'khwapa mwako kapena pamimba pa mnzako. Ngati chaundana ndithu, chimafuna madzi ofunda a madigiri 37 mpaka 39, ndipo zimenezo zichitike pokhapokha mwafika pamalo poti sichikaundananso, chifukwa kusungunula kenako n'kuundananso ndi kumene kumadulitsa anthu zala. Nsapato zikakuthina usapirire, magazi amalephera kuyenda.

Chinanso ndi chomwe chimatibweretsera odwala chaka chilichonse mu Juni ndi Julaye: mbaula m'nyumba yotseka. Banja lonse limagona bwinobwino, m'mawa ena osadzuka, ena mutu ukuwawa ndi kusanza. Mpweya wa makala uja sununkha ndipo suoneka. Kasitovu kagasi m'tenti yotseka kamatulutsa mpweya womwewo. Ngakhale kunja kuzizire bwanji, muphikire pakhomo pa tenti, potseguka.

Chilandirireni uthenga wako ndakhala ndikuwerenga za madzi oundana a kumeneko, ndipo chimene chandidabwitsa ndi chakuti sakhala chimodzimodzi tsiku ndi tsiku ngati thanthwe. Nyengo yake ndi yaifupi, kuyambira chapakati pa Juni mpaka mu Ogasiti, ndipo amagwirana m'zigwembe zoyang'ana kum'mwera, poti nthawi ino dzuwa limadutsa chakumpoto ndiye silifikamo. Pamafunika madzi odontha kuchokera pamwamba ndi mausiku ambiri ozizira motsatizana. Chaka chouma amakhala opyapyala. Kukawomba mphepo yotentha masiku awiri atatu, chipilala chomwe anthu anakwera sabata yatha chimalekana ndi thanthwe, madzi n'kumayenda kuseri kwake, kunja chikuonekabe chokongola. Amene amadziwa amachigogoda n'kumvetsera ngati mmene timagogodera dzungu: chikalira ngati ng'oma, m'kati muli mphako. Iwe khutu limenelo ulibe, ndipo si chamanyazi, ndiwe mlendo. Safunsa anadya phula. Funsa chilichonse, ngakhale chooneka chopusa. Chisoti usavule ukakhala m'munsi, ndipo usaime molunjika pansi pa amene akukwera, chifukwa nkhwangwa zake zimagumula zibenthu zolemera ngati njerwa. Zitsulo zamano zija amamangirira kunsi kwa nsapato, ma crampons, uyambe waphunzira kuyenda nazo pamalo athyathyathya. Zimakola mwendo wa thalauza n'kumugwetsa munthu chafufumimba.

Masiku ano ndi aafupi, 5 koloko kwayamba kale kuda, ndipo kuti mukafike pamene pali madzi oundanawo ndi ulendo wautali wapansi, katundu ali kumsana. Mugwirizane musananyamuke ola lobwerera, ndipo likakwana mubwerere ngakhale patsale mikono iwiri yokha kuti mufike pamwamba. Mutu ukayamba kuwawa ndi nseru mutapitirira mamita 2,500, ungakhale mpweya wachepa m'thupi. Mankhwala ake ndi kutsika.

Tsopano za malamulo, zomwe ndikudziwa kuti zimakutopetsa. Paja iwe pachipata cha pamalire cha Calómuè unkadandaula ngakhale mzere uli wa anthu asanu. Giant's Castle ili m'nkhalango yotetezedwa ya Drakensberg, yomwe UNESCO inaiika m'gulu la malo a chuma cha dziko lonse mu 2000, ndipo amaiyang'anira ndi a bungwe losamalira zachilengedwe la Ezemvelo KZN Wildlife. Umalowa ndi chilolezo, ndipo musanakwere mumalemba m'kaundula wa opulumutsa anthu: mayina anu, njira imene mudzere, kumene mukagone ndi tsiku lobwerera. Potsika mumakasainanso. Chonde usakaone ngati ndi mapepala ongotayitsa nthawi. Foni m'zigwembe zija nthawi zambiri sigwira, batire limatha msanga pozizira, ndiye mukapanda kubwera tsiku lomwe munalemba, kaundulayo ndi amene amauza anthu kumene angayambire kukusakani. Mukasintha njira osanena, adzakufunani kuchigwa china. Kusonkha moto m'phirimo n'koletsedwa, udzu wa nyengo ino ndi wouma ngati wa kwathu mu Okutobala, ndipo m'mapanga momwe muli zojambula zakale za anthu a mtundu wa San saloleza kugonamo.

Pamwamba pa phirilo ndi pafupi ndi malire a Lesotho, choncho pasipoti yako ndi mapepala ako okhalira m'dzikomo zikhale zolongosoka, uzikulunge m'pulasitiki. Abwana ako ndi mbadwa, akhoza osaganizira zimenezi, koma iwe ndiwe wobwera. Mukaganiza zodzera ku Sani Pass, msewu wokhotakhota wokwera mpaka mamita pafupifupi 2,870, dziwa kuti chipata chake chimatsekedwa madzulo, msewuwo umafuna galimoto yokoka mawilo onse anayi, ndipo chipale chikagwa kapena madzi akaundana pamakona amautseka. Akakubwezani, bwererani. Musakafunefune njira yozembera ngati mmene timachitira kuno mlatho ukakokoloka. Wotseka msewuyo waona zimene inu simunazione.

Ukukumbukira mu 2009, mnyamata wa ku Brazil uja anasowa pa phiri la Mulanje? Tinkamvera limodzi pawailesi ya ku Malawi, masiku akupita anthu akumusaka. Anapitirira yekha kulowera ku Sapitwa wopanda womulondolera, nyengo inasintha, ndipo anadzamupeza atamwalira ndi kuzizira. Anali munthu wophunzira, woyenda mayiko ambiri, wamphamvu zake. Sapitwa ndi mamita 3,002, kutsika kuposa kumene ukupita iwe, ndipo ili kufupi ndi kwathu kuno kotentherako.

Sindikukuletsa, usandimve molakwa. Kunena zoona, nditaona chithunzi cha mathithi aja ali mbee padzuwa la m'mawa ndinasirira, ndipo ndikufuna udzandifotokozere ndi pakamwa pako mmene amamvekera nkhwangwa ikalowa. Koma undichitire zinthu izi. Unditumizire tsiku lonyamuka ndi tsiku lobwerera, alamu akhalenso nawo masikuwo pamodzi ndi nambala ya ofesi ya pachipata. Ufunse abwana ako ngati pagulupo pali wina amene anakwerapo malo amenewo kangapo, komanso ngati a Mountain Club of South Africa ali ndi maphunziro a oyamba kumene. Ndipo muonere limodzi zanyengo tsiku loti mawa munyamuka. Akanena kuti kukubwera mphepo yozizira yochokera ku Cape, ulendo usunthe.

Amayi ako ayamba kukulukira chipewa chaubweya chophimba makutu. Akuti akatha apereka kwa mnyamata wina wa ku Tsangano amene akubwerera ku Joni kumapeto kwa mwezi uno, pamodzi ndi nyemba pang'ono. Ndikutumizira nambala yake akadzanyamuka kuti mukakumane. Upereke moni kwa alamu, uwapsompsonere anawo.

Ndine mnzako wa kuubusa,
kuno ku Ulongué