Musanaigulitse nyumba ya ku Area 25

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Johannesburg. Kuno dzuwa layamba kuswa mtengo, nyengo yabwino yokonzera nyumba. Maganizo oika matailosi m'nyumba monse aja asiyeni. Ndalama zake sizibwerera pogulitsa, komanso ogula ambiri amadzagumula n'kuika akumtima kwawo. Chimene chimagwetsa mtengo wa nyumba ndi madzi, kaya odontha kudenga kaya okwera m'khoma.

Yambirani kudenga. Wogula akangolowa maso amathamangira kumwamba, ndipo banga lofiirira pasiling'i limamuuza zonse. Kawirikawiri vuto silikhala malata koma misomali. Malata amafutukuka likatentha n'kubwerera usiku, msomali n'kumakhwefuka pang'onopang'ono, kamphira kake n'kuuma. Kalipentala azule yokhwefukayo, akhome yatsopano yokhala ndi timphira, ndipo akhome pamsana pa lata, osati m'kangalande moyenda madzi. Ali kumwamba komweko agogode matabwa a denga. Lolira ngati ng'oma ladyedwa ndi chiswe, lisinthidwe. Banga lija mukangolipaka penti yamadzi limatulukiranso, ndiye lipakidwe kaye penti yoyambirira yamafuta, ija amati undercoat.

Ming'alu ili mitundu iwiri. Wopyapyala ngati tsitsi ndi wa pulasitala chabe. Mmisiri aukuze pang'ono ndi tchizulo, asese fumbi, anyowetse, kenako atseke ndi simenti yosakaniza muyezo umodzi ku miyezo 4 ya mchenga wosefa, ndiye kuti thumba la makilogalamu 50 ku mawilibala awiri. Akachulutsa simenti poganiza kuti pakhala polimba, chigambacho chimang'alukanso pouma. Azithirirapo madzi kwa sabata, ndipo penti idikire masabata atatu kapena anayi, apo ayi imasupuka. Koma mng'alu wotsatira njerwa ngati masitepe, woti chala n'kulowa, ndi wa maziko. Umenewo musaubise ndi pulasitala, umatsegukanso mvula ikangogwa ndipo wogula adzakutsatani. Muuzeni zoona, mutsitseko mtengo.

Penti ikamatukumuka m'munsi mwa khoma n'kumatuluka ufa woyera ngati mchere, ndi chinyezi chimenecho. Mmisiri achotse dothi ndi maluwa zotsamira khoma mpaka nthaka itsike mizere iwiri ya njerwa kuchokera pamene pali simenti ya m'nyumba. Kakhonde ka simenti kozungulira nyumba akakonze, kapendekere kunja kuti madzi ochoka kudenga azithawa khoma.

Penti ibwere pomalizira. Ndowa ya penti yamadzi (PVA) ya malita 20 imapaka pafupifupi masikweya mita 160 ulendo umodzi, ndipo pamafunika maulendo awiri, ndiye mmisiri ayeze makoma musanagule. Mtundu ukhale umodzi wowala m'zipinda zonse, zimaoneka zazikulu. Apa m'pofunika maso: opaka ena amathira madzi ambiri kuti ndowa ina itsale, khoma n'kutuluka mawangamawanga likauma. Mpanda wakunja laimu akwana. Zonsezi zithe mvula ya Novembala isanagwe.

Mpopi wodontha umangofuna kamphira katsopano. Maloko ovuta, galasi losweka, chitseko chokhula pansi, geti yolira, zonsezo ndi ntchito ya tsiku limodzi. Thanki ya chimbudzi ikakhala yodzadza itanani galimoto yopopa, chifukwa fungo limathamangitsa wogula asanafike n'pakhomo pomwe.

Mapepala nawo musawaiwale. Bilu ya Lilongwe Water Board, msonkho wa city rates ku khonsolo ndi lendi ya malo (ground rent) ku Unduna wa za Malo zikhale zolipira, malisiti ali pamodzi ndi chikalata cha umwini wa malo (title deed). Wogula wodzera kubanki amafunsa zimenezi poyambirira.

Poti muli kutali, musatumize ndalama zonse nthawi imodzi. Zipangizo agule m'bale wanu yekha n'kusunga malisiti, mmisiri azilandira gawo lililonse likatha. Denga likatha athirepo madzi ndi paipi, wina ali m'nyumba akujambula siling'i, akutumizireni kanemayo pa WhatsApp musanalipire.

Ndiuzeni amene akusunga makiyi kuti kalipentala akwere Loweruka lino. Moni kwa alamu ndi ana.

Ine mnzanu,
ku Lilongwe