Kusamuka steti sikuthetsa nkhani ya ndalama za mwana

Akonzi,

Ndipatseniko kampata mu nyuzipepala yathuyi ndilankhuleko ndi a Malawi anzanga amene tili kuno ku America, komanso makolo ndi ankhoswe kumudziko amene mumaimbilidwa foni usiku banja likavuta kuno. Nkhani yake ndi ya ndalama zosamalira ana, izi kuno amati child support, makamaka pamene bambo ali steti ina mayi ndi ana ali steti ina. Pali bodza lina lake lafala kwambiri mmagulu athu a WhatsApp loti munthu akangochoka ku Indiana nkupita ku Texas nde kuti nkhani yathera pompo, mayi akafuna ndalama akwere ndege akasumenso komweko. Sizoona zimenezo, ndipo azimayi ambiri akhala chete akugwira mashifiti awiri mma nursing home chifukwa anauzidwa zimenezi ndi anthu oti nawonso anangomva.

Pa nkhani ya ndalama za ana pamene makolo ali masteti osiyana, masteti onse 50 amayendera lamulo limodzi lotchedwa UIFSA. Linalembedwa koyamba mu 1992, kenako mu 1996 boma la ku Washington linalamula kuti steti iliyonse ikhale italivomereza pofika 1 January 1998, ndipo pano onse akutsata lija linakonzedwanso mu 2008. Kale zinkatheka bambo mmodzi kukhala ndi ma oda, kutanthauza zigamulo, awiri atatu a makhoti osiyana pa mwana yemweyo, khoti lililonse likunena zake. Lamuloli linabwera kudzathetsa chisokonezo chimenecho, oda ikhale imodzi basi ndipo steti yokhala ndi mphamvu pa oda imeneyo ikhalenso imodzi.

Ndiye tiyerekeze banja linali ku South Bend, khoti la ku Indiana lagamula kuti bambo azipereka ndalama zakutizakuti, kenako bambo wapeza ntchito ku Dallas ku Texas wasamuka. Bola mayi kapena mwana kapena bamboyo, olo mmodzi yekha mwa atatuwa, akukhalabe ku Indiana, mphamvu yosintha chigamulocho imakhalabe ku Indiana. Texas ikhoza kuthandiza kutolera ndalamazo koma singachepetse kapena kuwonjezera olo dola imodzi, pokhapokha onse awiri atalemba kukhoti kuti agwirizana nkhani isamukire kwina. Ndipo nthawi zambiri sipafunikanso kudutsira kukhoti la ku Texas, kalata yodula ndalama kumalipiro imatumizidwa kuchoka ku Indiana kupita kwa bwana wa ku Dallas ndipo bwanayo akuyenera kuitsata. Olemba ntchito kuno amakakamizidwa kupereka ku boma dzina la munthu aliyense watsopano pasanathe masiku 20, mainawo amalowa mu kaundula wa dziko lonse, nde munthu wogwira ntchito ya pa cheke kubisala kwake nkwa nthawi yochepa chabe.

Povuta pamabwera onse akachokako. Mayi wapita ndi ana ku Maryland kutsata achibale, bambo ali ku Texas, ku Indiana kulibenso aliyense. Oda ija siifa ayi, imagwirabe ntchito mmene inalili ndipo ngongole imawerengedwabe mwezi ndi mwezi. Koma amene akufuna kuti isinthidwe ndi amene amakasuma kwawo kwa mnzake. Mayi akafuna ndalama zikwere nkhani ikamveka ku Texas, bambo akafuna zitsike nkhani ikamveka ku Maryland. Ena amadandaula nazo koma ine ndimaona kuti anaganiza bwino, chifukwa pakadapanda zimenezi aliyense bwenzi akungosamukira steti imene masamu ake akumukomera, poti masamuwo amasiyanadi. Texas imatenga 20 peresenti ya ndalama zotsala za bambo akachotsa misonkho pa mwana mmodzi, 25 pa ana awiri, pomwe masteti ambiri kuphatikizapo Indiana ndi Maryland amaphatikiza malipiro a makolo onse awiri kenako nkugawa.

Chinanso chimene chimadzidzimutsa anthu ndi zaka. Ku New York ndi ku Mississippi umapereka mpaka mwana afike 21, ku Indiana 19, ku Texas 18 kapena akamaliza sekondale. Zaka zimenezi zimatsatira steti imene inapereka oda yoyamba, ndiye ngati munagamulidwa ku New York olo nonse musamukire ku Texas, olo khoti la ku Texas lisinthe kuchuluka kwa ndalama, 21 ija siisuntha.

Nanga ngati oda palibe nkomwe, mwana wabadwa bambo ali kale kwina? Apa khoti la kumene kuli mayi limayamba laona ngati lili ndi mphamvu pa bamboyo. Ngati anakhalapo ndi mwanayo mu steti imeneyo, kapena mimba inatengedwera komweko, kapena ndi iyeyo anatumiza mwanayo kuti akakhale kumeneko, kapena wapatsidwa masamoni ali momwemo, khoti likhoza kumugamula olo ali kutali. Ngati palibe chilichonse mwa izi mapepala amatumizidwa ku steti ya bamboyo. Koma amayi mvetsetsani apa, otumiza mapepalawo si inu. Mumapita ku ofesi ya child support ya kumene mukukhala, ku Indiana zimadutsira kwa prosecutor wa county yanu, ku Texas ndi ofesi ya Attorney General, mukalemba mafomu iwo ndi amene amalumikizana ndi anzawo a steti inayo. Simufunika loya kuti muyambe, ndipo lamulo limalola kupereka umboni pa foni kapena pa video osayenda ulendo. Zimatenga miyezi inde, mafayilo odutsa masteti awiri amayenda pangʼonopangʼono ndipo umafunika kumaimba foni kukumbutsa, koma zimayenda. Musasokonezenso ndi nkhani yoti mwana azikhala ndi ndani, imeneyo ili ndi lamulo lake lina limene limayangʼana kumene mwana wakhala miyezi 6 yapitayi, nde nzotheka nkhani ya ndalama kukhala steti ina ya kulera mwana steti ina.

Azibambo anzanga, sindikulemba izi kuti ndikunyozeni, ambiri mumawakonda ana anu ndipo ena ntchito inathadi. Koma chimene chikuwapweteka anthu nchakuti ntchito ikatha amangoimba foni kwa mayi wa ana kapena kwa abusa nkugwirizana pakamwa kuti ndizipereka theka kaye. Khoti silidziwa za mgwirizano umenewo. Kuyambira 1986 lamulo limati ndalama ya mwezi umene wadutsa kale jaji sangaichepetse, amangoyambira pa nthawi imene munakasuma kuti asinthe. Ndiye munthu wakhala chaka osagwira ntchito osakalemba pepala, ngongole yonse ija ili pamutu pake. Ngongole ikapitirira $2,500 amene ali nzika sapatsidwa pasipoti ya America, tangoganizani uthenga wa maliro wabwera kuchokera ku Mzimba kapena ku Thyolo inu pasipoti yakanidwa. Amalandanso ndalama zobwezedwa za msonkho, laisensi yoyendetsera galimoto imayimitsidwa, ndipo kukana dala kulipira mwana wokhala steti ina kwa zaka zoposa 2 kapena ngongole yoposa $10,000 ndi mlandu waukulu wa boma la dziko lonse kuyambira 1998. Ndalama zopatsana pamanja kapena zotumiza pa foni nazonso samalani, zikapanda kudutsa ku ofesi yolandira ndalamazo zikhoza kuwerengedwa ngati mphatso chabe.

Kwa ankhoswe ndi atsogoleri a mipingo ndi magulu athu, kuyanjanitsa anthu ndi ntchito yabwino ndipo pitirizani, koma musamauze mayi kuti kupita ku ofesi imeneyi ndi kuyalutsa mwamuna kwa azungu. Lendi ya nyumba imene mwanayo akugona ndi daycare zikufuna ndalama mwezi uliwonse. Mukagwirizanitsa anthu pa ndalama ina yatsopano, aperekezeni akalembetse mgwirizanowo kukhoti la steti imene ili ndi oda, jaji asaine.

Wowerenga wanu,
South Bend, Indiana