Mapiritsi ogonetsa m'ndege si ongopatsana pamanja

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa chizolowezi chimene ndikuchiona pakati pa anzathu oyenda maulendo ataliatali a pandege, makamaka amalonda opita ku Guangzhou ndi ku Dubai komanso ophunzira opita ku Ulaya. Munthu wochokera kuno ku Zomba amalawirira m'mamawa kupita ku Chileka, amauluka mpaka ku Addis Ababa kapena ku Johannesburg, kenako amadikira ndege ya usiku imene imatha maola 8, 10 kapena kuposerapo ili m'mwamba. Pofika nthawi imeneyo thupi limakhala litafooka, choncho ena amapempha kwa mnzawo piritsi la diazepam, limene ambiri timalitchula kuti Valium, kapena la zolpidem, kuti agone mpaka kukafika. Kufuna tulo si kulakwa, koma kumwa mankhwala amene dokotala analembera munthu wina n'kuika moyo pachiswe.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kuundana kwa magazi m'mitsempha ya m'miyendo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu 2007 kuti chiopsezo cha vutoli chimawirikiza kawiri munthu akakhala pampando maola opitirira 4 osayendayenda. Amene wagona tulo tachibadwa amatembenuka, amatambasula miyendo, amadzuka kupita kuchimbudzi, ndipo zimenezi zimathandiza kuti magazi aziyenda. Amene wagonetsedwa ndi piritsi amatha kukhala maola ambiri mawondo ali chipindire, osasuntha ngakhale pang'ono. Magazi oundanawo akachoka m'mwendo n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo, munthu akhoza kumwalira, nthawi zina patapita masiku angapo atafika kale kumene amapita. Amayi oyembekezera, amene akumwa mapiritsi ena olera, anthu onenepa kwambiri ndi amene angochitidwa kumene opaleshoni ndiwo ali pachiopsezo chachikulu. Aliyense amene watsika ndege n'kuona mwendo umodzi ukutupa ndi kuwawa, kapena akupuma mobanika, athamangire kuchipatala tsiku lomwelo ndipo awauze madokotala kuti wangochokera paulendo wautali.

Mpweya wa m'ndege nawonso si wofanana ndi wa pansi pano. Umakhala ngati wa pamalo okwera mamita 1,800 mpaka 2,400, kufanana ndi pansonga ya phiri lathu la Zomba, imene ili pa mamita opitirira pang'ono 2,000. Mankhwala a mtundu wa diazepam amachedwetsa kupuma, ndipo kwa munthu wodwala mapapo kapena woliza mkonono mpaka kumabanika m'tulo, kuchepa kwa mpweyako kumawonjezera vuto. Akamwera mowa kapena vinyo amene amaperekedwa ndi chakudya cha m'ndege, mphamvu ya mankhwalawo imakula mosayembekezeka.

Ena amaganiza kuti zolpidem ndi wofatsa chifukwa sakhalitsa m'thupi. Mu 2019 bungwe loona za mankhwala ku America, la FDA, linalamula kuti pa mankhwalawa pazilembedwa chenjezo lamphamvu, chifukwa anthu ena amadzuka n'kumayenda kapena kuchita zinthu ali m'tulo, n'kusakumbukira chilichonse m'mawa. Malangizo ake amati munthu amwe pokhapokha ali ndi maola 7 kapena 8 ogona. Ndege zimayesedwa kuti anthu onse athe kutulukamo m'masekondi 90 pakachitika ngozi, ndipo woledzera ndi tulo ta mankhwala sangamve malangizo, komanso amatsekera njira anzake amene akhala naye mzere umodzi.

Palinso nkhani ya malamulo. Dziko la United Arab Emirates, kumene kuli mzinda wa Dubai, limaika diazepam m'gulu la mankhwala oyang'aniridwa mwapadera, ndipo wopezeka nawo wopanda chikalata cha dokotala akhoza kulowa m'mavuto aakulu pabwalo la ndege. Mapiritsi okulunga m'kapepala kopanda dzina, monga timapatsirana kuno, sangathe kumuikira munthu umboni.

Sindikunena kuti mankhwalawa ngoipa kwa aliyense. Amene amavutikadi ndi tulo akaonane ndi dokotala masiku angapo ulendo usanafike, afotokoze matenda ake onse ndi mankhwala ena amene akumwa, ndipo ngati dokotala wavomera, ayambe wayesa piritsilo kunyumba kuti adziwe mmene limamuchitira. Anyamule mankhwalawo m'paketi yake pamodzi ndi chikalata, asamwe ndege isananyamuke chifukwa ulendo umatha kuchedwa kapena kulephereka, ndipo mowa aupewe.

Ndikupempha bungwe loyang'anira za mankhwala m'dziko muno la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority kuti lionetsetse kuti mankhwala ogonetsa akugulitsidwa kwa okhawo amene ali ndi chikalata cha dokotala, ndipo makampani ogulitsa matikiti a ndege azikumbutsa makasitomala awo za malamulo a mankhwala a m'mayiko amene akupitako.

Nzika yokhudzidwa,
Zomba